Bwana Amene Sataya Wanchito Panjira

Phunziro la sabata ino
Kuwerenga: 1 Samueli 30:1-25

Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu muwerenge ndime ili pamwambayi. Ngati muli pa nchito kapena m'basi, sungani uthengawu mudzawerenge madzulo pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Phunziroli likukhudza aliyense amene analembapo munthu nchito, ndiponso aliyense amene analembedwapo.

MNYAMATA WOTAYIDWA M'THENGO

Davide ndi anthu ake 600 atabwerera ku Zikilaga anapeza mudzi wonse uli phulusa. Aamaleki anali atautentha, n'kutenga akazi ndi ana. Davide anafunsira kwa Yehova, nayamba kulondola adaniwo. Pa mtsinje wa Besori anthu 200 analefuka, anatsala pomwepo. Anawoloka ndi 400.

Koma thengo ndi lalikulu, abale. Adani alowera kuti? Yankho la Mulungu linali gone pansi, lili pafupi kutsirizika. Anali mnyamata wa ku Ejipito, kapolo wa Mwamaleki wina. Anadwala pa ulendo, ndipo bwana wake anawerengera mwamsanga: wodwalayu atichedwetsa, katundu tili naye wambiri, akapolo tigwira ena. Anamusiya. Masiku atatu osadya, osamwa.

Muone dongosolo la mavesi 11 mpaka 13. Anthu a Davide anayamba ndi kumupatsa chakudya ndi madzi, mafunso anabwera pambuyo. Davide anali pa changu, banja lake lili m'manja mwa adani, koma anaima chifukwa cha mlendo wosamudziwa. Mnyamata yemweyo ndiye anawatsogolera ku msasa wa Aamaleki, ndipo zonse zimene zinatengedwa zinabwezedwa.

M'chaputala chimodzi muli mabwana awiri. Wina anataya wanchito wake chifukwa wadwala, n'kutaya naye zonse. Wina anatola wotayidwayo, n'kupeza njira.

UMBONI WA ATATE A MAWAYA

Mu mpingo mwathu muli atate ena achikulire amene anagwira nchito ya mawaya a foni zaka zambiri mpaka kupuma. Anandilola kukamba nkhani yawo, koma anati dzina lisatchulidwe, ulemerero upite kwa Mulungu.

Achinyamata, foni imene mukuwerengerapo uthengawu ndi ya dzulodzulo. Kale mawu ankayenda pa waya wa mkuwa, kuchoka pa polo kupita pa polo. Kuyambira 1975 mafoni ndi makalata zinali m'manja mwa kampani imodzi ya boma, Posts and Telecommunications Corporation, imene anthu ankangoti PTC. Mu 1994 inagawidwa pawiri, kukhala Zamtel ndi Zampost. Masiku akalewo nyumba zokhala ndi foni zinali zowerengeka. Ofuna kukamba ndi m'bale ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchoka ku Petauke, ankapita ku positi, kupereka nambala kwa opareta, n'kudikira kuti laini ipezeke.

Atatewa akuti nchito yawo inalibe nyengo yopumira. Nthawi ya mvula mphenzi inkawononga malaini, mitengo inkagwera mawaya. Chilimwe chikafika, moto wa m'thengo unkanyeketsa mapolo. Chiswe nacho sichinkagona, ndipo akuba mkuwa analipo. Laini ikafa, chipatala sichingaitane thandizo, apolisi sangalumikizane, uthenga wa maliro sufika. Choncho ankanyamula makwerero, pulayala ndi kafoni koyesera laini, n'kuyenda m'mbali mwa Great East Road kufunafuna pamene waya waduka.

Waya wa foni umakhala ndi magetsi ochepa, pafupifupi mavoti 48, ndipo akuti munthu amaugwira osamva kanthu kwenikweni. Koma wina akaimba foni pa laini imeneyo, magetsi oliza belu amakwera ndipo amagwedeza dzanja. Tsiku lina la mvula, pakati pa Nyimba ndi Petauke, anali pamwamba akumaliza kulumikiza waya. Laini itangodzuka, munthu wina amene ankadikira anaimba nthawi yomweyo. Dzanja linanjanja, phazi linaterereka pa makwerero onyowa, anagwa. Mwendo unathyoka moipa. Palibe amene analakwa, ngozi ilibe fungo.

Akuti ululu wa mwendo unali wochepa poyerekeza ndi wa m'maganizo. Ana anali ang'onoang'ono, mayi sanali pa nchito, ndipo dokotala anali atanena kale kuti zokwera mapolo zatha. Usiku ankangoganiza za kalata yowachotsa.

Kalatayo sinabwere. Kapitawo wawo ndiye anawanyamula kupita nawo ku chipatala. Tsiku lomwelo analemba lipoti la ngozi kuti pasadzakhale wonena kuti anavulalira kumowa. Mwezi ukatha ankaonetsetsa kuti malipiro afika kwa mayi. Atachira, kapitawo yemweyo anawalankhulira kwa akuluakulu kuti awapatse nchito ya m'kati, yoyesa malaini ndi kuphunzitsa anyamata atsopano. Anagwira mpaka zaka zopumira zinakwana. Lero amayenda motsimphina, koma ana onse anaphunzira sukulu. Ambuye alemekezeke!

KAMPANI IMASINTHA, PANGANO SILISINTHA

Mwina mukuti phunziro ndi lakuti tipeze kampani yabwino n'kuikapo mtima wonse. Dikirani pang'ono. Mu 2010, atatewa atapuma kale, boma linagulitsa magawo 75 pa 100 a Zamtel kwa kampani ya ku Libya yotchedwa LAP Green pa mtengo wa madola 257 miliyoni. Anchito oposa 2,000 anapatsidwa ndalama zawo zomaliza, ndipo amene analembedwanso anali gawo chabe. Mu January 2012 boma linaitenganso kampaniyo. Pamenepo n'kuti mafoni a m'manja atafala kale, ndipo luso lokwera mapolo a mawaya a mkuwa silinkafunikanso ngati kale. Mayina nawo ankangosintha: Zamcell inakhala Celtel, kenako Zain, kenako Airtel. Telecel inakhala MTN.

Kampani ingakhale yabwino bwanji, ili ndi eni ake, ndipo eni amasintha. Mukawamvetsera atatewa, chimene chimawagwetsa misozi ndi nkhope ya kapitawo uja ataima pa bedi la chipatala. Kukhulupirika kumabwera kudzera mwa munthu amene wasankha kuima pamene ena akupitirira. Mulungu amafuna anthu otere, ndipo akuwafuna pakati pa ife.

KWA INU OLEMBA NCHITO

Wina ati, ine sindine bwana, ndilibe kampani. Amayi, muli ndi mtsikana wothandiza panyumba? Atate, muli ndi mnyamata woweta ng'ombe, woyendetsa njinga yanu yamoto, wogaya pa chigayo chanu, wokhala mu kabuthi ka mobile money? Mumaitana anthu a ganyu pokumba nshawa kapena potola thonje? Ndiye ndinu bwana, ndipo Akolose 4:1 akukamba ndi inu: muziwachitira chilungamo pokumbukira kuti nanunso muli ndi Bwana kumwamba.

Ngozi zili pafupi nafe. Lamba wa chigayo amadula zala. Mankhwala opopera thonje amadwalitsa. Njinga yamoto imagwa. Wothandiza mmisiri amaterereka padenga. Pa tsiku lotero mtima wa bwana umaonekera poyera. Ena amayamba kufunsa ngati njinga yawonongeka asanafunse za mwendo wa mnyamata. Ena m'mawa mwake apeza kale wina wolowa m'malo, wovulalayo osamuzonda ngakhale kamodzi. Umenewo ndi mzimu wa Mwamaleki, ngakhale munthuyo akhale kutsogolo pa Sande, manja ali m'mwamba.

Tisanamizane, abale. Sitingamange chakhumi pa malipiro amene tamana wanchito. Yakobo 5:4 akutiphunzitsa kuti ndalama yotereyo ili ndi pakamwa, imalira, ndipo kumwamba kumamva. Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti waganyu wosauka alandire zake tsiku lomwelo. Mungasale kudya masiku 21 kupempha khomo litseguke, pamene chimene chatseka khomolo ndi misozi ya mtsikana amene munamuthamangitsa atadwala.

Lamulo la dziko nalo likugwirizana ndi Mawu. Kuno ku Zambia kuli bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, loyendetsedwa ndi lamulo la mu 1999, limene limathandiza ovulala kapena odwala chifukwa cha nchito. Wolemba nchito ndiye amalembetsa ndi kulipira, osadula pa malipiro a wanchito. Kulinso NAPSA, kumene bwana amaika 5 peresenti ndipo wanchito 5 peresenti, kuti pa ukalamba pakhale kanthu. Mkhristu asadikire kuti boma limugwire pakhosi. Ngozi ikachitika, thamangani naye ku chipatala, lembani zimene zachitika mwachilungamo, kadziwitseni bungwelo mwamsanga, ndipo musasiye banja lake ndi njala. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Kumbukirani kenturiyo wa ku Kapernao pa Luka 7:1-10. Anali msilikali wa Roma, wokhoza kugula kapolo wina mawa lomwe, koma kapolo wake atadwala anatumiza akulu kwa Yesu. Chikhulupiriro chimene Yesu anachiyamikira pamaso pa khamu chinaonekera pa bedi la wanchito wodwala.

KWA INU OLEMBEDWA NCHITO

Gwirani nchito ndi mtima wonse ngakhale bwana palibe, monga Akolose 3:23 atiphunzitsira. Atate a mawaya aja akuti kapitawo sanavutike kuwalankhulira chifukwa mbiri yawo inali yoyera. Sanagulitsepo waya wa kampani, sanajombepo mwachinyengo.

Valani zodzitetezera. Chipewa cha pa njinga, magolovesi, nsapato, lamba wa pamwamba, zonsezi sizitsutsana ndi chikhulupiriro. Mulungu yemweyo amene amatuma angelo ndiye analamula pa Deuteronomo 22:8 kuti womanga nyumba aike kampanda padenga, munthu angagwe. Kudzoza mafuta n'kukwera njinga mutu uli pamtunda ndi kuyesa Mulungu.

Sungani mapepala anu: kalata yolembedwera nchito, mapepala a malipiro, nambala ya NAPSA, ndi makalata a kuchipatala mukavulala. Ambiri amataya zimene zinali zawo chifukwa pepala linadyedwa ndi chiswe kapena silinalembedwe n'komwe.

KWA INU OVULALA NDI OPUMA

Pali ena mukuwerenga uthengawu muli pa mphasa. Munapereka mphamvu zanu zonse, ndipo pamene thupi linakana, foni yanu inasiya kulira. Mvetserani mapeto a chaputala chathu. Davide atabwerera ku Besori, ena mwa ankhondo ake anakana kugawira anthu 200 otsala aja, amvekere sanamenye nawo nkhondo. Davide anawaletsa. Analamula kuti wotsala ndi katundu alandire mofanana ndi wopita ku nkhondo, ndipo linakhala lamulo mu Israyeli. Mu ufumu wa Mulungu wolefuka sachotsedwa pa mndandanda.

Pa Yesaya 46:4 Yehova akulonjeza kunyamula anthu ake mpaka imvi. Bwana wathu Yesu sanatisiye m'thengo pamene uchimo unatidwalitsa. Anatsika, anatitola, ndipo mabala anawalandira ndi iye. Nchito yanu mwa iye sinathe. Mnyamata wotayidwa uja ndiye ankadziwa njira, ndipo pali achinyamata mu mpingo muno amene akufuna nzeru zili m'mutu mwanu. Ngati bwana wakale anakulakwirani, mukhululukireni kuti mtima wanu umasuke, koma zimene lamulo likuti ndi zanu mukazifunse popanda mantha. Kukhululuka sikufafaniza chilungamo.

ZOCHITA SABATA INO

Ngati muli ndi ngongole ya malipiro kwa wanchito aliyense, ilipireni Sande isanafike, kapena mukakambirane naye tsiku lenileni lolipira.

Ganizirani munthu mmodzi amene anavulala, anadwala kapena anapuma pa nchito, ndipo anthu anamuiwala. Muimbireni foni. Ngati ali pafupi, pitani ndi kanthu m'manja.

Atsogoleri a maselo, lembani mayina a otere m'dera lanu muwapereke ku ofesi ya a Bishopu kuti gulu lozonda odwala liwafikire.

TIPEMPHERE

Atate wakumwamba, tikuyamikani chifukwa simutaya anchito anu panjira. Chotsani mwa ife mtima wa Mwamaleki, mutipatse maso oona wogona m'thengo. Tetezani onse okwera pamwamba, ogwira magetsi, oyenda pa msewu ndi ogwira makina. Ovulala muwachiritse, opuma muwadyetse, amene mapepala awo akhala nthawi yaitali m'maofesi muwatsegulire khomo. Mzimu Woyera, tikumbutseni dzina la munthu amene tinamusiya, mutipatse kulimba mtima kobwerera kwa iye. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

Tumizani phunziroli kwa mnzanu mmodzi wolemba nchito ndi mmodzi wolembedwa. Mulungu akudalitseni, tionana pa mapemphero a pakati pa sabata.