Ntchito ya optometrist imayambira pa phunziro la malenzi

Chaka chatha ndinali ndi mtsikana wa Fomu 3 amene ankakopera manotsi m'kope la mnzake, bolodi osaliyang'ana n'komwe. Ine ndinkangoti ndi ulesi. Nditamusamutsira kutsogolo anadabwa: "Aphunzitsi, kani mumalemba zooneka chonchi?" Mwanayo sankaona patali, ndipo ankafunika optometrist, katswiri woyeza maso.

Mukumbuke zija tinaphunzira. Lenzi ya m'diso imasonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chigwere pa retina. Chikagwera kutsogolo kwa retina, buku mumawerenga bwinobwino koma phiri la Michesi limangooneka mbuu. Apa pamafunika lenzi ya concave. Chikagwera kumbuyo, pamafunika ya convex, ngati ija amavala agogo powerenga kapena polowetsa ulusi pa singano.

Optometrist amayamba ndi kukuwerengetsani zilembo muli pa mtunda wa mamita 6. Akalemba 6/12, ndiye kuti zimene diso labwino limawerenga pa mamita 12, inu mpaka muyandikire pa 6. Kenako amasinthasintha malenzi kufuna yokuyenerani. Mphamvu ya lenzi ndi P = 1/f, f ali m'mamita. Amene amaona bwino polekezera masentimita 50 amafunika f = −0.5, choncho P = −2.00 D. Ndi samu yomwe ija ya m'kalasi, basi.

Ntchito yake siithera pa magalasi. Amaunika m'kati mwa diso kufufuza ng'ala, glaucoma ndi zimene shuga wawononga. Glaucoma imadya maso mwakachetechete, ndipo zimene yawononga sizibwerera, n'chifukwa chake kuipeza msanga kumapulumutsa munthu. Wofunika opaleshoni amamutumiza kwa dokotala wa maso, monga a ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, mu Blantyre.

Nanga maphunziro ake? Digiri imaphunzitsidwa ku Mzuzu University, dipuloma ku Malawi College of Health Sciences. Mukamaliza mumalembetsa ku Medical Council of Malawi, kenako mutha kugwira ntchito m'chipatala cha boma, cha mishoni, kapena kudzatsegula malo anuanu oyezera maso. Akatswiriwa ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'tauni, pamene kuno ku Phalombe ana ngati mtsikana uja alipo m'makalasi mwathu. Ngati zakukokani mtima, limbikirani Physics, Biology, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi pa MSCE.

Mawa mukakhale kumbuyo kwa kalasi, mutseke diso limodzi ndi chikhato, muwerenge pa bolodi, kenako linalo. Lina likamaona mwachimbuuzi, auzeni aphunzitsi ndi makolo kuti mukayezetse kuchipatala.