Kuphunzitsa Mbiri ya Dziko ndi Ndalama Zakale

Mwana amaiŵala msanga chimene wangouzidwa, koma chimene wagwira ndi manja ake chimakhazikika mumtima. Mukadzatumidwa kukaphunzitsa ku Area 47, pemphani ana akabwereke kwa agogo awo ndalama zachitsulo za 1964, zimene tinkagulira zinthu kwacha isanabwere mu 1971. Ya masheleni aŵiri ndi theka ili ndi nkhope ya Dr. Kamuzu Banda, ndipo kuseri kwake kuli chizindikiro cha dziko: mkango, nyalugwe, nkhwazi ndi dzuŵa lotuluka.

Musafulumire kumasulira. Funsani kuti, "Nchifukwa ninji nkhope iyi inaloŵa m'malo mwa ya Mfumukazi Elizabeth?" Mayankho awo ndiwo akhale chiyambi cha phunziro la ufulu. Pomaliza, onetsetsani kuti ndalama iliyonse yabwerera kwa mwini wake.