Nyenyezi Ikaphulika, Kuwala Kwake Kumatiuza Chiyani?

Zomwe tiphunzire

M'phunziro lino tiona momwe kanyenyezi koyera kamaphulikira, momwe akatswiri amawerengera mitundu ya kuwala kwake, ndi chifukwa chake kuphulika kwina kumasiyana ndi kunzake.

Mawu atsopano

supanova: kuphulika kwa nyenyezi yathunthu

telesikopu: makina oonera zinthu zakutali kumwamba

sipekitiramu: kuwala kogawidwa m'mitundu yake

mlalang'amba: gulu la nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri

Kanyenyezi kobisika

M'mwezi wa Febuluwale, nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni, mitambo ikatseguka madzulo, nyenyezi zitatu zotchedwa Akamwiniatsatana zimaoneka pafupifupi pamutu penipeni kuno ku Chipangali. Mukatsata mzere wa nyenyezi zitatuzo chakummawa mopendekera kummwera, mufika pa nyenyezi yowala kuposa zonse za usiku. Dzina lake ndi Sirius.

Sirius sali yekha. Pambali pake pali kanyenyezi kena kosaoneka ndi maso, komwe kanaonedwa koyamba ndi telesikopu mu 1862. Kukula kwake n'kofanana ndi dziko lapansili, koma kulemera kwake n'kofanana ndi Dzuwa. Supuni imodzi ya zinthu za m'kati mwake imalemera matani angapo. Tinyenyezi totere timatchedwa tinyenyezi toyera.

Kanyenyezi koyera ndi chotsalira cha nyenyezi yokalamba. Nyenyezi yonga Dzuwa ikatsiriza mafuta ake, imataya mbali zake zakunja. Pamatsala phata lotentha, lothinana, lopangidwa ndi kaboni ndi okosijeni. Phata limeneli likakhala palokha limangozirala pang'onopang'ono.

Kuphulika kumayamba bwanji?

Nyenyezi zambiri zimakhala ziwiriziwiri, zikuzungulirana. Kanyenyezi koyera kakakhala pafupi kwambiri ndi inzake, kamayamba kuikoka mpweya n'kumanenepa. Pena tinyenyezi toyera tiwiri timayandikana mpaka kuphatikana.

Koma kunenepako kuli ndi malire. Mu 1930 mnyamata wa ku India wa zaka 19, Subrahmanyan Chandrasekhar, anawerengera malirewo ali m'sitima ya pamadzi yopita ku England. Masamu ake anaonetsa kuti kanyenyezi koyera sikangapirire kulemera kopyola malire. Lero tikudziwa kuti malirewo ali pa kulemera kwa Dzuwa kuchulukitsa ndi 1.4.

Kanyenyezi kakayandikira pamenepo, m'kati mumatentha kwambiri ndipo kaboni amayaka mwadzidzidzi. Moto wake si wa nkhuni ayi, ndi wa maatomu ophatikana. M'masekondi ochepa chabe kanyenyezi konse kamamwazika. Zidutswa zake zimathamanga makilomita oposa 10,000 pa sekondi imodzi. Pakatha masiku pafupifupi 20, kuwala kumafika pachimake, kuwirikiza kuwala kwa Dzuwa nthawi pafupifupi 5 biliyoni. Akatswiri amati imeneyi ndi supanova ya mtundu wa Ia.

Musade nkhawa ndi mnzake wa Sirius uja. Ali patali ndi nyenyezi yaikuluyo, choncho sakuikoka mpweya.

Kuphulika kotere kunaonekapo ndi maso. Mu 1006 nyenyezi yatsopano inawala chakummwera, moti inkaoneka ngakhale masana. Alembi a ku China ndi ku Japan analemba za iyo, chimodzimodzinso sing'anga wa ku Egypt, Ali ibn Ridwan. Ansembe a ku St. Gallen ku Switzerland ankaiona m'munsi kwenikweni, pafupi ndi mapiri. Kwa anthu amene ankakhala m'dera lathu lino nthawi imeneyo, nyenyeziyo inkadutsa pamwamba ndithu.

Kuwerenga mitundu ya kuwala

Kuwala kwa Dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yambiri. Utawaleza ndiwo umboni wake: madontho a mvula amagawa kuwalako, kuyambira kufiira mpaka kumtambo. Akatswiri amachita zomwezo ndi kuwala kwa nyenyezi, pogwiritsa ntchito galasi lapadera loikidwa kumbuyo kwa telesikopu.

Chinthu chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Mukawaza mchere pa makala oyaka, lawi limasanduka lachikasu. Mkuwa umapatsa lawi mtundu wobiriwira. Mu 1859 akatswiri awiri a ku Germany, Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, anaonetsa kuti mpweya wa chinthu chilichonse umatulutsa mitundu yake yokha, ndipo umamezanso mitundu yomweyo kuwala kukaudutsa. Pomwe mtundu wamezedwa, mu sipekitiramu mumaoneka mzere wakuda.

Ndiye katswiri akayang'ana mizere yakuda, amadziwa zomwe zili m'nyenyezi yakutali popanda kupitako. Supanova ya mtundu wa Ia imadziwika ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba, mulibe mizere ya haidrojeni, mpweya womwe umadzaza nyenyezi zambiri. Chachiwiri, muli mzere waukulu wa silikoni kumbali yofiira.

Mizere imanenanso za liwiro. Mpweya ukamabwera kwa ife, mizere yake imasendera kumbali ya mtambo. Ikasendera kwambiri, ndiye kuti mpweyawo ukuthamanga kwambiri.

N'chifukwa chiyani mizere imasiyana?

Poyamba akatswiri ambiri ankaganiza kuti supanova zonse za mtundu wa Ia n'zofanana. Chaka cha 1991 chinasintha maganizo amenewo, pomwe panaoneka ziwiri zosiyana kotheratu. Ina, yotchedwa SN 1991T, inawala kuposa zinzake, ndipo masiku oyamba mzere wake wa silikoni unali wofooka. Inzake, SN 1991bg, inawala pang'ono, inali yofiirira, inaonetsa mizere ya titaniyamu, ndipo inazilala msanga.

Zifukwa zazikulu za kusiyanaku ndi izi:

1. Kuchuluka kwa nikelo. Kuphulika kumapanga nikelo wa mtundu wosakhazikika. Theka la nikeloyo limasanduka kobati pa masiku 6 aliwonse, ndipo theka la kobati limasanduka chitsulo pa masiku 77 aliwonse. Kusandukaku ndiko kumatulutsa kutentha kowalitsa supanova. Nikelo akachuluka, mpweya umatentha kwambiri ndipo mizere ina imafooka. Akachepa, mpweya umakhala wozizirirapo ndipo mizere ya titaniyamu imaonekera.

2. Tsiku loyeza. Masiku oyamba timaona zakunja zokha: silikoni, salufa ndi kashiamu. Mpweya ukamwazika n'kupyapyala, timayamba kuona m'kati. Pakapita miyezi, mizere ya chitsulo ndi kobati ndiyo imachuluka. Choncho supanova imodzi yomweyo imaoneka mosiyana mlungu uno ndi mwezi wamawa.

3. Liwiro la zidutswa. M'supanova zambiri silikoni amathamanga makilomita pafupifupi 11,000 pa sekondi kuwala kukafika pachimake. M'zina amapitirira 12,000.

4. Mbali yomwe tikuonera. Moto ukayambira chakumbali m'malo mwa pakati, zidutswa sizimwazika mofanana. Woonera mbali ina aona zosiyana ndi woonera mbali inzake.

5. Fumbi la panjira. Pakati pa nyenyezi pali fumbi lomwe limachepetsa kuwala n'kukufiiritsa. Akatswiri amayamba achotsa gawo la fumbili m'masamu awo asananene momwe supanova inawalira.

Chitsulo chopangidwa m'kuphulikaku sichitayika. Chimasakanizika ndi mpweya womwe pambuyo pake umapanga nyenyezi ndi maiko atsopano. Gawo lalikulu la chitsulo cha m'khasu lanu ndi cha m'magazi anu linachokera m'supanova zotere, Dzuwa lisanakhaleko.

Phindu lodziwa kusiyanaku

Mukaona nyali usiku kutsidya kwa dambo, mutha kuyerekeza mtunda wake ngati mukuidziwa nyaliyo. Koma mukaiyesa nyali yagalasi pomwe ili koloboyi, mulakwitsa mtunda: mudzati ili kutali pomwe ili pafupi. Akatswiri amayeza kutalika kwa milalang'amba ndi supanova mwa njira yomweyi, choncho ayenera kudziwa kaye mphamvu yeniyeni ya iliyonse.

Mu 1993 Mark Phillips, yemwe ankagwira ntchito ku Cerro Tololo m'dziko la Chile, anaonetsa lamulo lothandiza: supanova yowala kwambiri imachedwa kuzilala, pomwe yowala pang'ono imazilala msanga. Mukawerenga masiku omwe ikutenga kuti izilale, n'kuonanso mizere yake, mudziwa mphamvu yake yeniyeni. Mukayerekeza mphamvuyo ndi momwe ikuonekera kuno, mupeza mtunda.

Ndi njira imeneyi, magulu awiri a akatswiri anapeza mu 1998 kuti milalang'amba ikutalikirana mofulumira kuposa kale. Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess analandira mphoto ya Nobel mu 2011 chifukwa cha ntchitoyi.

Ntchito yowerenga mizere ikuchitikanso kuno kummwera kwa Africa. Ku Sutherland m'dziko la South Africa kuli telesikopu yaikulu yotchedwa SALT, yomwe inatsegulidwa mu 2005. Galasi lake ndi lotambalala mamita pafupifupi 11. Kuno ku Zambia, Copperbelt University ku Kitwe imasunga ofesi ya chigawo chino yolimbikitsa maphunziro a zakuthambo pa chitukuko.

Mafunso

1. Kodi kanyenyezi koyera kamapangidwa ndi zinthu ziti ziwiri?
2. N'chiyani chimachitika kakayandikira kulemera kwa Dzuwa kuchulukitsa ndi 1.4?
3. Tchulani zizindikiro ziwiri za supanova ya mtundu wa Ia.
4. SN 1991T inasiyana bwanji ndi SN 1991bg?
5. Papita zaka zingati kuchokera mu 1006 kufika chaka chino?
6. Ngati pali makilogalamu 80 a nikelo wosakhazikika lero, atsala angati pakatha masiku 6? Nanga pakatha masiku 12?

Ntchito yochita

M'mawa kapena chakumadzulo, fulatirani Dzuwa n'kupemerera madzi m'mwamba ndi pakamwa. Lembani mitundu yomwe mwaona, motsatana kwake. Musayang'ane Dzuwa mwachindunji, limaononga maso.

Kunyumba, wazani mchere pang'ono pa mbaula yoyaka bwino, ana ali patali. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza zomwe zachitika, ndipo mudzawerengere anzanu m'kalasi.