Mmene ndalama za akufuna kwabwino zimaphunzitsira owongola mapazi a ana

M'chaka cha 2003, mayi wina wa ku South Africa, Karen Moss, adabereka mwana wamwamuna wa mapazi opindika. Mapaziwo adali okhotera m'kati, zidendene zitakwera m'mwamba. Masiku amenewo madokotala ambiri m'dzikomo ankathamangira opaleshoni yaikulu. Mayiyu sadakhutire nazo. Adanyamula khanda lake ulendo wa ku Iowa, m'dziko la America, kwa Dr Ignacio Ponseti, gogo wa zaka pafupifupi 90 amene ankawongola mapazi otere ndi manja komanso chikhakha.

Mwanayo adachira. Koma ndi makolo angati angakwere ndege kupita ku America? Poona zimenezi, mu 2005 Karen Moss adakhazikitsa bungwe lachifundo la Steps, lomwe likulu lake lili ku Cape Town, kuti luso la Ponseti lifike m'zipatala za boma.

Vutoli si lachilendo. Pa ana 1,000 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi phazi lopindika. Si ufiti, ndipo mayi sadalakwe mwambo uliwonse ali woyembekezera.

Chithandizo chake chimayenda motere. Sabata iliyonse dokotala amaligwira phazilo, kulipinda pang'ono pokha kulowera kumene liyenera kukhala, kenaka n'kuika chikhakha kuyambira kuzala mpaka kuntchafu. Sabata yotsatira amachichotsa, kuwongolanso pang'ono, n'kuika china. Kawirikawiri zikhakha zisanu mpaka zisanu ndi zitatu zimakwanira. Ana ambiri amafunikanso kudulidwa mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene, kabala kake n'kakang'ono, ndipo amakhala ndi chikhakha chomaliza kwa masabata atatu. Zikatha izi mpamene pamabwera nsapato zapadera, ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo pakati. Mwana amavala nsapatozi maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenaka usiku ndi pogona masana mpaka atakwanitsa zaka zinayi. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa phazi lopindika ndi la makani: nsapato zikasiyidwa msanga, limabwerera mwakale.

Ntchito yonseyi imalira manja odziwa. Chikhakha choikidwa molakwika chimatupitsa mwendo. Nsapato yosayezedwa bwino imatulutsa matuza, mwana n'kumalira usiku wonse, mayi n'kuiponya pansi pa bedi. Akatswiri opanga ndi kuyeza zipangizo zochirikiza ziwalo amaphunzira zaka zingapo m'sukulu ngati Tshwane University of Technology ku Pretoria ndi Durban University of Technology. Komabe satifiketi si mathero a sukulu. Bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo ku South Africa, Health Professions Council of South Africa, limalamula aliyense wolembetsedwa kuti azionjezera maphunziro chaka ndi chaka. Nanga amalipira ndani? Chipatala cha boma chimakhala ndi zambiri zolira ndalama: mankhwala, magetsi, malipiro. Maphunziro oonjezera nthawi zambiri amatsalira kumchira.

Mpata umenewu ndi umene mabungwe achifundo amatseka. Anthu wamba ndi makampani amapereka ndalama ku bungwe. Bungwelo limakonza maphunziro a masiku ochepa, limaitana dokotala wodziwa kale njirayi kuti aphunzitse, ndipo limapeza chikhakha ndi timapazi ta labala toyeserera. Ophunzirawo si ana asukulu ayi. Ndi madokotala, anamwino, owongola ziwalo ndi opanga nsapato zapaderazi, anthu amene ali kale pa ntchito. Amayamba ndi phazi la labala, lomwe silimva kuwawa, asanagwire la khanda. Akamaliza amabwerera ku zipatala zawo, kumene boma limapitiriza kuwalipira monga kale. Bungwe la Steps limathandizanso kupeza nsapato ndi kuphunzitsa makolo kavalidwe kake, ndipo ntchito yake idafika mpaka ku Namibia ndi ku Botswana. Ku Cape Town komweko, ana a mapazi opindika amaonedwa m'zipatala ngati Tygerberg ndi Maitland Cottage ku Newlands.

Kunena zoona, wopereka ndalama amasangalala kwambiri akaona chithunzi cha mwana atavala nsapato zatsopano kusiyana ndi cha akuluakulu atakhala m'kalasi. Koma nsapato imachepa pakangopita miyezi, mwana akukula. Namwino wophunzitsidwa bwino amakhalapobe, ndipo mnzake wobwera kumene amaphunzira poonera iye.

Ku Malawi nakonso zoterezi zidachitika, kungoti maphunziro ake adali aatali. Olivia Giles, loya wa ku Scotland amene adadulidwa manja ndi mapazi mu 2002 atadwala matenda oumitsa khosi, adayambitsa bungwe la 500 miles. Bungweli lidathandiza kutsegula malo opangira miyendo yoikirira ndi zipangizo zochirikiza ziwalo pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Mzuzu Central. Lidalipiriranso Amalawi kukaphunzira ntchitoyi kunja, ena ku Cambodia, ena ku sukulu ya TATCOT ku Moshi m'dziko la Tanzania, yomwe idatsegulidwa mu 1981. Ku Blantyre, chipatala cha Beit CURE chakhala chikuwongola mapazi a ana kuyambira 2002.

Njira ya Ponseti imagwira bwino kwambiri mwana akayamba chithandizo m'masabata oyambirira atangobadwa, mafupa ndi mitsempha zikadali zofewa. Mwana wochedwa amathandizidwabe, koma amafunika zikhakha zambiri, ndipo nthawi zina opaleshoni.