Rättvik: Tauni Yomangidwa pa Chipsera cha Mwala Wochokera Kuthambo

Mukatsegula mapu a dziko la Sweden n'kuyang'ana chigawo cha Dalarna, chapakati pa dzikolo, muona chinthu chachilendo. Nyanja za Siljan, Orsasjön, Skattungen ndi Oresjön zandandalika mozungulira ngati mkombero wa lichero. Kugombe la kum'mawa kwa Siljan kuli katauni kotchedwa Rättvik, ka anthu pafupifupi 5,000. Ulimi wa kumeneko, ntchito zimene anthu ake agwira, ngakhale malo amene amaimbirapo nyimbo, zonsezi zili ndi gwero limodzi: ngozi imene inachitika m'masekondi ochepa chabe, zaka pafupifupi 380 miliyoni zapitazo.

Mphamvu ya chinthu chothamanga

Nthawi imeneyo chimwala chotalika makilomita angapo chinagwa kuchokera kuthambo n'kumenya dera limeneli. Chipsera chake, chotchedwa Siljan Ring, ndi cha makilomita pafupifupi 52 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndipo ndi chimodzi mwa zipsera zazikulu kwambiri zotere zodziwika ku Ulaya.

Mwala ungakumbe bwanji dzenje lalikulu kuuposa kangapo konse? Yankho lili mu fomula imene mumaidziwa kale: KE = ½mv². Taonani kuti liwiro, v, likudzichulukitsa lokha. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Minibasi ya makilogalamu 2,000 yothamanga makilomita 100 pa ola ikuyenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Kinetic energy yake ndi ½ × 2,000 × 28 × 28, zomwe ndi ma joule 784,000. Miyala yakuthambo imagwa pa liwiro la makilomita ngati 20 pa sekondi, kutanthauza mamita 20,000 pa sekondi. Kamwala ka kilogalamu imodzi pa liwiro limeneli kali ndi ma joule 200,000,000. Mukagawa mupeza kuti kamwala kolemera ngati paketi ya shuga kali ndi mphamvu ya maminibasi oposa 250. Ndiye tangoganizani chimwala chachikulu ngati phiri.

Mphamvu sitayika, imangosintha maonekedwe. Ya chimwala chija inasanduka kutentha, phokoso ndi chivomerezi. Nthaka yapakati inatsindiridwa pansi kenaka n'kudumphira m'mwamba, monga amachitira madzi mukaponya mwala mundowa. Yozungulira inamira n'kupanga chigwa chonga mphete.

Chuma chobisika mumphete

Ngoziyo isanachitike, derali linakhalapo pansi pa nyanja yosaya kwa zaka mamiliyoni ambiri. Zigoba za tizamoyo ta m'madzi zinaunjikana n'kusanduka mwala wa laimu. M'madera ambiri a Dalarna mwala umenewu unatha kalekale, chifukwa madzi, mphepo ndi madzi oundana zinaupala. Koma umene unamira mumphete muja unabisika n'kupulumuka. Pa mathithi a Styggforsen, kumpoto kwa Rättvik, miyala imene inayalana mogona imaoneka itaimirira ngati mabuku pashelefu. Umenewu ndi umboni wa mphamvu ija. Pambuyo pake madzi oundana anakumba chigwacho, ndipo atasungunuka munatsala nyanja.

Apa pali kusiyana ndi nyanja ya Malawi. Yathuyi ili m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ndi yaitali ndi yowonda. Za ku Dalarna zinatsatira bwalo la chipsera.

Laimu amachepetsa asidi m'dothi, monga munaphunzirira mu Agriculture. Choncho midzi ndi minda zinachuluka mumphete, pamene pakati pa bwalolo, pomwe pali mwala wolimba wa granite, padakali nkhalango ndi madambo. Tchalitchi cha Rättvik chinayamba m'zaka za m'ma 1200, ndipo mpaka lero pambali pake pali timakola tamatabwa tambirimbiri, momwe alimi ochokera kutali ankasungamo mahatchi pa nthawi ya mapemphero. M'midzi yambiri yozungulira Siljan anthu ankapalasa mabwato aatali popita kutchalitchi, ndipo mabwatowa amachita nawo mipikisano masiku ano.

Njanji itafika mu 1890, alendo anayamba kuchuluka. Koma gombe la Rättvik ndi losaya, moti sitima zapamadzi sizikanatha kuyandikira. Mu 1895 anamanga Långbryggan, mlatho wamatabwa wolowera m'nyanja wa mamita 628, kuti anthu azikakwerera sitima pakuya.

Ganizo limene linayesedwa

Wasayansi wina, Thomas Gold, ankati mafuta ndi gasi zimachokera pansi kwambiri pa dziko, osati ku zamoyo zakale zimene zinakwiririka. Ankaganiza kuti miyala yophwanyika ya ku Siljan yasunga gasi wochuluka. Mu 1986 anayamba kuboola pa Gravberg, mkati mwa bwalolo, mpaka kupyola makilomita 6. Ndalama zambiri zinalowa, koma gasi woti n'kugulitsa sanapezeke. Sayansi imayenda choncho: ganizo, ngakhale la munthu wotchuka, liyenera kukumana ndi muyeso.

Mgodi wosanduka bwalo la nyimbo

Chuma chenicheni chinali laimu yemwe uja. Makilomita ochepa kumpoto kwa tauni, anthu anakumba mwalawu kwa zaka makumi angapo mpaka ntchito inatha cha m'ma 1990. Panatsala chidzenje cha mamita pafupifupi 400 m'litali ndi 60 kuya kwake. Mayi wina amene anali woimba opera, Margareta Dellefors, atafika pamalopa mu 1991 anamva kuti mawu amamveka bwino modabwitsa. Lero malowa amatchedwa Dalhalla, ndipo anthu pafupifupi 4,000 amakhalamo kumvera oimba m'miyezi yotentha.

Chinsinsi chake ndi fizikisi ya mafunde a mawu. Pabwalo la mpira, mawu a woimba amabalalika n'kutayika. Khoma lamwala wolimba limawabweza kwa omvera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndipo khutu limamva mawu obwerera paokha ngati achedwa ndi masekondi 0.1 kapena kuposa. Pa nthawi imeneyo mawu ayenda mamita 34, kupita ndi kubwera, choncho khoma liyenera kukhala pa mamita 17 kapena kuposa. Khoma losalala limabweza mawu onse njira imodzi, zomwe zingasokoneze nyimbo. Khoma lamabampu, ngati la mumgodi, limawamwaza mbali zambiri, ndipo amafika m'khutu mofewa.

Alendo obwera ku Dalhalla amagona m'mahotela ndi kudya m'malesitilanti a m'tauni. Ntchito ya woperekera zakudya ku Rättvik lero ikulumikizana ndi dzenje la laimu, laimuyo ndi chigwa chamumphete, chigwacho ndi ½mv².

Yeserani nokha

1. Mwala wa makilogalamu 5 ukugwa pa liwiro la mamita 15,000 pa sekondi. Pezani kinetic energy yake.
2. Chingawonjezere mphamvu kwambiri n'chiti: kuwirikiza kawiri makilogalamu a mwalawo, kapena liwiro lake? Onetsani masamu anu.
3. Mwaomba m'manja ndipo mawu abwerera patapita masekondi 0.5. Khoma lili pa mamita angati?
4. Fotokozani chifukwa chake minda ya ku Siljan inatsatira mphete, osati pakati pa bwalo.

Polemba mayankho musaiwale ma unit, chifukwa pamayeso nambala yopanda unit imakudyerani mamalikisi.