Ukatsika Ndege Masana, Nyanja Ili Kutali

Disembala akangolowa, pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi pamadzaza abale athu ochokera kunja. Ena achokera ku Joni, ena ku Mangalande, ndipo ambiri mwa iwo mtima uli kunyanja. Malo ogona analipiriratu ali komweko, mchenga ndi chambo chootcha anazionera kale pafoni. Chimene sachiganizira mokwanira ndi msewu umene uli pakati pa khomo la ndege ndi mchengawo.

Msuweni wanga wina wakhala ku Nottingham zaka zambiri. Chaka china anabwera ndi mkazi wake ndi ana awiri obadwira komweko, amene nyanja ya Malawi ankangoimvera m'nthano za bambo awo. Iye anali atakonza zoti akangotsika atenge galimoto ya hayala, ayendetse yekha mpaka ku Cape Maclear tsiku lomwelo. Mtunda wake ndi makilomita opitirira 200, ndipo foni inamuuza kuti ndi ulendo wa maola anayi ndi kanthu. Ndege inatera masana. Powerengetsa, anapeza kuti dzuwa lisanalowe ana akhala akusewera m'madzi.

Amalume ake, amene anakalambira pa udalaivala wa malole, anabwera kudzawachingamira. Atamva za ulendowo anapukusa mutu.

"Mphwanga, lero mugone konkuno, mawa mulawirire. Ngati ndi madzi akukusowetsani mtendere, Senga Bay ndi apa, mukagone kumeneko."

"Amalume, msewu wa ku Dedza ndimaudziwa ine. Ndinakulira momwemu."

Mkuluyo sanaonjezere mawu. Ndipo pamenepa ndi pamene pali vuto lathu. Mzungu wobwera koyamba amafunsa chilichonse, mpaka kutopetsa, ndipo kawirikawiri amalemba dalaivala. Koma mwana wa mudzi amene wabwera ndi masutikesi amaona ngati kufunsa njira ya kwawo n'kudzichotsa ulemu pamaso pa mkazi ndi ana. Paja safunsa anadya phula.

Foni imawerenga makilomita, siwerenga zochedwetsa za kwathu. Mapasipoti a ana anatenga nthawi. Sutikesi imodzi inachedwa kutuluka. Panali kusintha ndalama, kulembetsa simu khadi, kusainira mapepala a galimoto. Atafika ku Area 25 anapeza azakhali atapha nkhuku, ndipo ndani angadutse nsima ya azakhali amene sanakuone zaka zonsezo? Kenako mafuta. Inali nyengo ija petulo ankasowa, moti anazungulira malo omwetsera angapo asanapeze mzere woyenda. Pamene ankadutsa pa Nathenje, zithunzithunzi za mitengo zinali zitatalika kale.

Pali njira ina imene amalume aja akanamuuza akanafunsa. Wochokera ku Lumbadzi safunika kulowa m'tauni n'komwe: cha ku Kanengo amakhotera kumanzere mumsewu wa M14 wopita ku Salima, kenako n'kutsata M5 kudzera ku Chipoka ndi Mtakataka. Ndi yotalikirapo, koma ilibe chiphedi chonga chimene chinkamudikira. Iye anasankha yachidule: M1 mpaka Dedza, kulipira pa geti la pa Kalinyeke, kuima pa lodibuloko, n'kukhota pa Masasa kutsetsereka kupita ku Golomoti.

Msewu wa Golomoti masana ndi wokongola kwambiri. Ukaima pamwamba umaona chigwa chonse chitayalika, ndipo kunja kukakhala kowala nyanja imaoneka patali. Koma ganizirani kutsika kwake. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pansi pa mamita 500. Gawo lalikulu la kusiyanako galimoto imalitsika m'makona otsatizana, ena okhota mpaka kuyang'ana komwe wachokera. Madalaivala a malole amadziwa kuti pamenepa galimoto imagwidwa ndi injini: umaika giya yaing'ono, phazi n'kumangokhudza buleki mwa apo ndi apo. Ukapondereza buleki njira yonse, mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, ndipo ukadzaponda pa kona yovuta phazi limangolowa pansi osagwira kanthu.

Msuweni wanga anazolowera misewu ya ku England. Galimoto inali ya otomatiki, yodzaza anthu ndi katundu, ndipo iye anaisiya mu giya imene anachokera nayo ku Lilongwe. Kunali kutada, kukuwaza mvula, chifunga cha ku Dedza chikubwera m'magulumagulu. Kuno dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko mdima sumazengereza, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala njinga za makala zopanda nyali, mbuzi, ndi anthu obwerera kumsika. Mkazi wake ndiye anayamba kumva fungo.

"Bambo a ana, chikupserera n'chiyani?"

"Ndi makala a anthuwa," iye anayankha.

Makona awiri kutsogolo buleki inakana. Mwamwayi sankathamanga, ndipo nzeru inamubwerera yokhotetsera galimoto kumbali ya phiri, osati ya chiphedi. Inagwera mu ngalande, tayala lakutsogolo n'kuphulika. Palibe anavulala, kupatula kuti ana analira mpaka mawu kusasa.

Apa ndi pamene anatsegula buti koyamba kuti aone zimene anasainira kubwalo la ndege. Sipeya analimo, koma wopanda mpweya. Jeke analimo, chopukusira chake mulibe. Pamalo pamenepo foni inalibe netiweki. Amene anawathandiza ndi anyamata aja a njinga za makala, omwe iye ankawaimbira hutala mokwiya pang'ono chabe m'mbuyomo. Anaikankha galimoto kuichotsa mu ngalande, anaitukula ndi mitengo ndi miyala, ndipo mmodzi anakaitana wa kabaza wa njinga yamoto amene anatsika ndi sipeya ku Golomoti kukapopetsa. Pobwera nalo usiku unali utapita. Ndalama zoyamikira anapereka, koma ndimakayika ngati zinafika pa ntchito imene anyamatawo anagwira m'matope muja.

Mabuleki atazizira anatsika pang'onopang'ono mpaka pa Golomoti, ndipo mkazi wake ananenetsa kuti sapitirira. Anagona m'galimoto. Kuchigwa n'kotentha, choncho anatsitsa magalasi, udzudzu n'kuchita nawo phwando. Mankhwala oteteza ku malungo sanamwe aliyense. Msuweni wanga ankati iwo ndi a konkuno, osadziwa kuti kachitetezo kamene thupi limakhala nako ukamakhala kumalo a malungo kamachepa ukachokako nthawi yaitali, ndipo ana ake analibe n'komwe.

Kutacha anatenga M10 kulowera ku Monkey Bay, n'kukhotera mumsewu wa makilomita pafupifupi 18 umene umadutsa m'mapiri a paki ya Lake Malawi kukathera m'mudzi wa Chembe. Ataona kupapatiza kwake ndi anyani ali m'mbali, anavomera yekha kuti ngakhale akanapulumuka pa Golomoti, gawo limenelo usiku likanamuvuta. Usiku umene sanagone kumalo ogona alendo anaulipirabe.

Masiku otsatira anali abwino, sindingabise. Ana anakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, anaona mbuna zamitundumitundu zimene zinapangitsa kuti UNESCO iike pakiyo m'kaundula wake mu 1984, ndipo anaona nkhwazi ikutsomphola nsomba. Anakaonanso manda a amishonale a Livingstonia, amene anakhazikika pamalopo mu 1875 koma n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawathera anzawo. Bambo awo anawafotokozera mbiriyo bwinobwino, ngati nkhani ya anthu ena akalekale.

Pobwerera analemba dalaivala wa ku Monkey Bay, ananyamuka m'mamawa, anadzera ku Salima. Eni galimoto anamudula ndalama ya tayala ndi ya bampala. Atabwerera ku Nottingham, mwana wamng'ono anayamba kutentha thupi ndi kusanza. Masiku awiri oyamba ankamupatsa mankhwala a chimfine, poti kunali kozizira ndipo anzake kusukulu ankadwalanso. Atapita naye kuchipatala, nesi anafunsa ngati mwanayo anapitako kunja posachedwa. Anamuyeza magazi, anamupeza ndi malungo, ndipo anamugoneka pafupifupi sabata yathunthu asanamutulutse.