Phunziro 9: Kuyenda Pamodzi Pokadandaula za Malo

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli, ophunzira adziwe zimene lamulo limanena pa zionetsero zamtendere, ndiponso mmene angadzitetezere apolisi akafuna kuwabalalitsa.

Mawu oyamba

Kuno ku Milange njinga ndiyo miyendo ya mlimi. Imanyamula chimanga ndi nyemba kupita kumsika ndi kumalire a Muloza, ndiponso imathamangitsa wodwala kuchipatala. Choncho mudzi ukalandidwa minda, makalata odandaula n'kukhala osayankhidwa, anthu angaganize zokwera njinga onse pamodzi kupita ku boma kuti kulira kwawo kumveke. Anthu a m'maiko ena anachitapo zimenezi, ndipo zimene zinawaonekera zingatiphunzitse.

Zimene zinachitika ku New York

Mu 1992, okwera njinga a mumzinda wa San Francisco ku America anayamba mwambo woyenda pamodzi Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse, pofuna kusonyeza kuti msewu si wa galimoto zokha. Mwambowu, wotchedwa Critical Mass, unafalikira m'mizinda yambiri.

Pa 27 Ogasiti 2004, chipani cha Republican chitatsala pang'ono kuyamba msonkhano wake waukulu ku New York, anthu masauzande anadzaza misewu ya mzindawo ali panjinga, ambiri a iwo akutsutsa ulamuliro wa George W. Bush. Apolisi anamanga anthu oposa 250 ndi kulanda njinga zawo. Pofika kumapeto kwa msonkhanowo, onse omangidwa pa zionetsero zosiyanasiyana anali pafupifupi 1,800. Milandu yambiri inathetsedwa, ndipo pa milandu ina makanema amene mboni zinajambula anatsutsa zimene apolisi analemba. Mu 2014 akuluakulu a mzindawo anavomera kulipira madola pafupifupi 18 miliyoni pothetsa madandaulo a omangidwawo. Chilungamo chinatenga zaka pafupifupi khumi, ndipo chimene chinathandiza ndi umboni umene unasungidwa.

Zimene lamulo la Mozambique limanena

Ndime 51 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imapatsa nzika zonse ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero. Lamulo nambala 9/91, limene linakonzedwanso ndi Lamulo nambala 7/2001, limafotokoza kuti anthu sapempha chilolezo, koma amadziwitsa akuluakulu. Njira yake ndi iyi:

1. Lembani kalata yodziwitsa akuluakulu a boma ndi apolisi a m'dera lanu, kutatsala masiku ogwira ntchito osachepera anayi.
2. Kalatayo isainidwe ndi anthu khumi mwa okonza ulendowo, atalemba maina awo, ntchito zawo ndi kumene amakhala. Ngati ndi bungwe la alimi lovomerezeka, asaine ndi atsogoleri ake.
3. Tchulani tsiku, nthawi, malo, cholinga ndi njira imene mudzadutse.
4. Landirani chikalata chosonyeza kuti kalata yanu yafika, ndipo muchisunge bwino.

Chenjezo

Kutsata lamulo sikutanthauza kuti ngozi palibe. Pa 18 Malichi 2023, apolisi ku Maputo anabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi anthu amene anasonkhana kuti ayende pokumbukira woimba Azagaia, ngakhale kuti akuluakulu a mzinda anali atadziwitsidwa. Mu Novembala 2000, anthu oposa 80 anafa chifukwa chosowa mpweya m'chitokosi cha apolisi ku Montepuez, atamangidwa pambuyo pa zionetsero. Mudzi uyenera kukhala pansi ndi kulingalira mofatsa usanatuluke, ndipo munthu asakakamizidwe kupita nawo.

Kukonzekera ulendo

Yambani mwayesa njira zina: kukambirana ndi mfumu, kulembera mkulu wa Posto Administrativo, ndi kupempha kukumana ndi Administrador. Zikakanika, konzekerani motere:

- Lembani maina a onse opita, ndipo mndandandawo utsale ndi munthu wodalirika kumudzi.
- Aliyense alembe nambala ya njinga yake ndi kusunga lisiti yogulira, kuti ikalandidwa adzathe kuiitanitsa.
- Makasu, zikwanje ndi mowa zitsale kunyumba. Ana aang'ono asapite nawo.
- Nyamulani makope a zikalata za malo, monga DUAT, osati zikalata zenizenizo. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza kuti wokhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wokwanira kutsimikizira ufuluwo.
- Sankhani anthu awiri olankhula ndi apolisi, ndi ena oima patali kuti aone ndi kulemba zochitika.
- Apolisi akalamula kuti mubalalike, tsikani panjinga ndi kuchoka modekha. Mkangano ukathere kukhoti.

Wina akamangidwa, ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Dziwitsani abale ake msanga, ndipo pitani ku ofesi ya IPAJ, imene imathandiza osauka pa milandu popanda malipiro.

Mafunso okambirana

1. Kodi kudziwitsa ndi kupempha chilolezo zimasiyana bwanji?
2. Ndi umboni wotani wa malo umene mudzi wanu uli nawo lero?
3. Njinga yanu italandidwa, mungasonyeze chiyani kuti ndi yanu?